A ku Ntcheu, Tiwaone

Loya uja wa ku Birmingham anali mtsikana wochepa thupi, dzina lake Anita, ndipo polankhula sankazungulira. Anauza Deliwe kuti lamulo lilipo. Munthu amene wakhala m'dziko muno zaka makumi awiri osatulukamo, ngakhale wopanda mapepala, akhoza kupempha chilolezo chokhala. Chikatuluka, pamakhala njira ina yaitali yofikira pa unzika. Koma a boma safuna nkhani, amafuna umboni.

"Chidindo cha m'pasipoti yanu chikuonetsa kuti munalowa mu 2004," anatero Anita, Felista akumasulira pomwe Chingerezi chathamanga. "Kuyambira 2010 mukupezeka kuchipatala. Pakati apa palibe kanthu. Adzati munapita kwanu n'kubweranso. Ndipezereni nkhope yanu, dzina lanu ndi chaka, zonse pamalo amodzi. Ndipo musachedwe. Mukumva nokha kuti nkhani yosintha malamulo ili mkamwamkamwa."

Atatuluka panja, Deliwe anaseka kuseka kouma.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikusesa pomwe ndaponda. Lero akuti ndiwaonetse mapazi."

Anabwera ku Birmingham kudzalera Tiffany, mwana wa Felista, nthawi imene Felista anali namwino watsopano wosinthasintha mashifiti. Felista ndi mwana wa msuweni wake. Anagwirizana miyezi isanu ndi umodzi. Kwawo ku Tsangano Deliwe anasiya mayi ake ndi mwana wake Eness, amene anali ku pulayimale. Miyezi ija inatha koma sukulu ya Eness inali isanathe, choncho sanabwerere. Tiffany atayamba sukulu, Deliwe anasambitsa nkhalamba pa dzina la munthu wina, malipiro akulowa mu akaunti ya munthu wina, n'kumagona m'zipinda za lendi zolembedwa dzina la munthu winanso, ku Handsworth, ku Smethwick, ku Walsall. Amalawi anzake anamuthandiza kubisala ndi mtima wonse. Pagulu panalibe womutchula Deliwe. Anali Anangozo basi, kumuitana ndi chiwongo ngati kumudzi. Ana obadwira kuno ankayesa kuti ndilo dzina la m'pasipoti. Eness anakula, anakwatiwa, ali ndi ana awiri amene Deliwe amawadziwira pa foni.

Ali m'galimoto, Felista anamenya chiwongolero ndi chikhatho.

"Anti, nanga a Norman?"

"Norman watani?"

"Mawedding onse aja ankajambula ndi iwowo. Akuti matepi akadali nawo ku Stoke."

"Norman ndinamuuza ine kuti akadzandiloza ndi kamera ndidzaiponya m'ngalande. Anamva."

"Tiyeni tikaone ngati anamvadi."

Loweruka m'mawa anagwira msewu wa M6. Norman tsopano amakankha mabedi a odwala pachipatala chachikulu cha ku Stoke, ndipo amakhala ku Hanley m'kanyumba kopyapyala kogundana ndi tinzake, komwe ukatsegula chitseko cha kumsewu walowa kale pabalaza. Mutu unali utayera. Norman atamuona Deliwe, anawomba m'manja pang'ono, akubwerera m'mbuyo.

"Anangozo kwathu kuno? Lero kugwa chisanu."

"Chagwa kale pamutu pakopo. Matepi ali kuti?"

Norman anali atawatsitsa kale kuchokera kudenga, makatoni atatu a nthochi odzaza timatepi ting'onoting'ono. Kamera yakale ija anailumikiza ku TV ndi zingwe zomata ndi selotepi. Chithunzi chitabwera, pakona panali manambala achikasu a tsiku, mwezi ndi chaka. Kale anthu ankamuseka nazo Norman, amati wojambula wanji wosadziwa kuchotsa deti pankhope ya mkwatibwi.

"Lero mundiseke," anatero, akuloza pakonapo.

Woyamba unali ukwati wa Helen, mu 2005, m'holo ya tchalitchi ku Selly Oak. Mabaluni anali omangirira pa maradiyeta, zitsulo zotenthetsera m'holo. Amuna anavala masuti aakulu mapewa, ogula m'mashopu a kaunjika wa kuno. Aliyense anali woonda. Felista anakuwa atadziona atanyamula Tiffany kumsana ndi chitenje pamwamba pa diresi la siliva.

"Mayi ine! Ndani anandilola kutuluka m'nyumba chonchi?"

"Ndinakuuza ine, sunamve," anatero Deliwe. "Taona Sellina uyo, asanakhale bwana wa manesi. Nthawi imeneyo ankapereka moni."

Anayamba kuwatchula mmodzimmodzi. Uyu anamwalira ndi shuga ku Coventry, mtembo tinachita kusonkha. Awa anasiyana banja, mwamuna ali ku Leeds ndi mzungu. Uyo a boma anamugwira ku fakitale ya masangweji, anakwera ndege atavala majombo a kuntchito. Kamtsikana ako kakunyambita mbale ndi kadokotala ka mano tsopano, ndipo Chichewa kamangodziwa "zikomo".

Kenako nyimbo zinakwera, perekaniperekani n'kuyamba. Akwati anaima kutsogolo atagwira lichero limene wina anabwera nalo m'sutikesi kuchokera kumudzi, ndipo linkayenda ukwati uliwonse wa Amalawi m'chigawo chonsechi. Ndalama yapepala ya kuno ndi yolemera, anthu ankaponya zachitsulo. Phokoso lake linali ngati matalala padenga la malata. Pakati pa holo panaima mwamuna wamtali wovala shati yapepo, maikolofoni ali m'manja.

Deliwe anatsonya.

"Mpaka lero, Anti?" anatero Felista.

"Mpaka mawa."

Mwamunayo anali James, koma chifukwa cha shati yapepo imene sinkasintha, aliyense ankamutcha Bishop. Ndiye anali MC wa maukwati onse zaka zimenezo. Akamaliza kuitana achibale ndi a kuntchito, ankaitana maboma, lililonse ndi chitonzo chake.

"A ku Nkhata Bay, siyani kaye Chingerezi, konzani tayi mubwere! A ku Mulanje, tsamiritsani njinga pakhoma! A ku Kasungu, fodya sanagulidwe koma bwerani choncho!"

Boma lako likaitanidwa sukhala pansi. Ukakhala, anthu amati kwanu kulibe anthu, ndipo amakuseka nazo mpaka ukwati wina. A ku Ntcheu nthawi imeneyo analipo atatu okha, Deliwe ndi anyamata awiri amene nthawi zambiri Loweruka amakhala ali pa shifiti.

"A ku Ntcheu!" anakuwa Bishop pa TV. "Ikani botolo pansi, nyama siithawa. A ku Ntcheu, tiwaone!"

Nthungululu yakuthwa inang'amba holo. Onse atatu pabalazapo anaidziwa. Mayi wa duku lofiira ananyamuka kumbuyo akuponda pansi mwachingoni, koma asanafike pakati, amayi ena asanu anali atanyamuka kale n'kumuzinga, wa ku Zomba, wa ku Mchinji, wina wa ku Chipata ku Zambia, atatambasula zitenje ngati akuvina nawo. Kamera nayo inagwada. Inaonetsa mapazi, kenako msana, kenako dzanja lotulukira pakati pa zitenje likuponya ndalama m'lichero. Padzanjapo panali chibangili chamkuwa.

Deliwe anayang'ana padzanja lake. Chibangilicho anamuveka ndi mayi ake ali mtsikana, ndipo dzanja litanenepa sichinavukenso.

"Msana uwo ndi wanu," anatero Norman monyadira. "Mwaona mmene ndinkagwirira ntchito? Nkhope ngakhale pang'ono."

"Loya anati nkhope, Norman. Sananene msana."

Anaika tepi ina, ya ku Dudley. Msana, duku, chibangili. Ina ya chinkhoswe ku West Bromwich. Zitenje, mapazi, chibangili. Ya phwando la ufulu mu Julaye, kupaki, Deliwe anaonekera patali akukazinga mandasi, koma kamera itangoyandikira, mayi wina wonenepa anadzaima kutsogolo kwake n'kuyamba kufunsa Norman za umoyo wa akumudzi. Felista anagwira kumutu.

"Anthu inu munaonjeza. Ngakhale chithunzi chimodzi cholakwitsa?"

"Tinkamuteteza," anatero Norman.

"Mwanditeteza zedi," anatero Deliwe.

Norman anabweretsa tiyi ndi zikondamoyo zopyapyala za ku Stoke zokulungamo tchizi. Pofika masana Deliwe anali atasiya kudzifunafuna. Ankangoonera. Zinali zaka za mantha zimene zija. Galimoto yoyera ikaima pamsewu mtima unkachoka, wina akagogoda mwamphamvu anthu ankatulukira kukhomo la kuseri. Koma holo inkadzaza. Munthu ankatsika shifiti ya maola khumi ndi awiri n'kukwera mabasi atatu kupita ku ukwati wa munthu amene sakumudziwa, chifukwa wamva kuti ndi Mmalawi. Ankagulitsana makhadi oimbira foni kumudzi pakhomo la tchalitchi. Wina akabwera ndi usipa kapena chambiko m'chikwama, Lamulungu ankagawana m'timapepala. Masiku ano maukwati ali m'mahotela, olowera khadi, dzina lako lili patebulo, ndipo ukabwera ndi mnzako amakubweza pakhomo.

"Tinali amphawi koma tinkadziwana," anatero Felista.

"Tinkadziwana chifukwa tinali amphawi," anatero Deliwe. "Ika ina."

Katoni yachitatu inatha. Norman anapukuta kamera ndi malaya ake. Kenako anayang'ana Felista, osati Deliwe.

"Ilipo ina. Koma mulonjeze kuti Anangozo sandimenya."

"Iti?"

"Ya Favour ndi Nathan. Ku Wolverhampton."

Deliwe anaika kapu pansi.

Unali mwezi wa Ogasiti mu 2007. Mayi ake anali atamwalira mwezi wa Julaye, ndipo iye anamvera maliro pa foni, m'chipinda cha lendi ku Smethwick, khadi n'kutha anthu asanachoke kumanda. Akanapita sakanabwereranso, ndipo Eness anali atangoyamba sekondale. Ku ukwatiko anachita kukokedwa ndi Felista, amene anakana kumusiya yekha m'chipinda. Tsiku limenelo Bishop anamutchula dzina lonse pa maikolofoni, zitseko za holo zili pululu, mzungu wosamalira holoyo ataima pakhomo ndi makiyi. Sabata yomweyo Deliwe anasamuka nyumba n'kusiya ntchito. Kuyambira pamenepo Deliwe sanamupatsenso moni Bishop, ngakhale kutchalitchi. Analamulanso Norman kuti afufute tepiyo, ndipo Norman analumbira kuti wafufuta.

"Unandinamiza?"

"Anangozo, m'tepi yomweyo munali kudula keke. Ndikanafufuta bwanji ukwati wa anthu? M'DVD yawo ndinakuchotsanimo, koma tepi ndinasunga."

Anakwera pamwamba n'kubwera nayo m'sokosi.

Holo inali ina koma lichero linali lomwelo, shati yapepo yomweyo. Bishop anaitana Dedza, Dedza inavina. Anaitana Ntcheu ndi chitonzo chake chija cha botolo. Panalibe nthungululu. Anaitananso. Anthu anayamba kucheuka. Mayi wina anathamangira kutsogolo n'kumunong'oneza. Bishop anakweza dzanja, nyimbo n'kuzima.

"Abale anga, pepani, ndinali ku Manchester, sindinamve. Ntcheu lero ili pa maliro. Mayi Deliwe Kalimbuka a ku Tsangano, amene timawatcha Anangozo, ataya mayi awo owabereka mwezi wathawu, ndipo sanathe kupita kukaika. Ndiye ngati Ntcheu singabwere kutsogolo, ife tipite ku Ntcheu."

Analanda lichero m'manja mwa akwati, n'kukhuthulira za ukwatizo patebulo, n'kuyamba kuyenda kupita kumbuyo. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro motsitsa. Holo yonse inanyamuka, mkwatibwi atakwinya diresi lake m'manja. Palibe anakumbuka zotambasula chitenje. Nayenso Norman anaiwala kugwaditsa kamera, inangotsatira anthu mpaka pakona pomwe ankapachika majasi.

Pamenepo panakhala mayi wa duku lakuda. Nkhope yonse inadzaza TV. Bishop anagwada n'kuika lichero pamiyendo pake, anthu n'kumadutsa mmodzimmodzi, kumugwira dzanja, kuponya chipepeso mosasokosa. Mayiyo sanalire mokweza. Anangokweza dzanja kupukuta m'maso, chibangili chamkuwa n'kutsetserekera kuchigongono. Pakona manambala achikasu aja anali phee.

Norman anaimitsa tepi pomwepo. Felista ankafwenthera m'kansalu.

Deliwe anayandikira TV. Tsiku lija iye sanaone mkwatibwi, sanamve nyimbo. Anangomva dzina lake likutuluka m'masipika kupita kumsewu, maso ake ali pa mzungu wa makiyi. M'tepimo mzunguyo ankaoneka kumbuyo, atavula chipewa.

Deliwe anayang'anitsitsa nkhope ya mayi wa duku lakuda uja nthawi yaitali. Masaya anali a mayi ake.

"Ndinali wokongola, inu," anatero. "Bwanji simunandiuze?"

"Tinkakuopani," anatero Norman.

"Nambala ya wolongolola uja uli nayo?"

A boma anamugwira Bishop mu 2012 ku nyumba yosungiramo katundu komwe ankagwira ntchito, n'kumukweza ndege. Norman anamuimbira pa vidiyo. Bishop anayankha ali ku Lilongwe, ku Area 25, atakhala pa mulu wa matayala amene amagulitsa, dzuwa lili phwee kumbuyo kwake. Anali atachepa thupi, koma mawu anali omwe aja.

"Norman, wafuna chiyani? Ukufuna kunditumizira jekete?"

Norman anatembenuza foni.

"Ndani ameneyo? Anangozo? Ayi, dziko latha. Dikirani ndikhale bwino, ndingagwe."

"Muli bwanji, a Bishop?"

"Moni! Anthu inu mwamva? Andipatsa moni! Ndili bwino, mayi, kaya inu? Botolo munaika pansi?"

"Pakamwa panu paja," anatero Deliwe, "akuti mwina pandipezetsa mapepala."

Felista anafotokoza za loya ndi za tepi. Bishop anaseka mpaka foni inagwedezeka.

"Ine sindinalakwitse, mayi. Pa maliro munthu timamutchula dzina lonse ndi kwawo, anthu adziwe amene akumupepesa. Ndikanati Anangozo basi, Anangozo ndi angati?"

"Munandisamutsa nyumba."

"Ndinamva. Pepani." Anakanda kumutu. "Koma taonani zinthu zake. Ine ndili m'tepi iliyonse, nkhope, dzina, mawu, shati. Umboni wanga ungadzaze lole. Zaka ndi zimene sizinakwane."

Deliwe anayandikiza nkhope ku foni.

"Shati ija ikadalipo?" anafunsa.

"Ilipo, koma kuno MC ndi ana a makompyuta. Mukadzabwera mudzandipeze, mudzandigulire Fanta. Ndipo mukamakalumbira za unzika kwa mfumu yawoyo, mudzanene kuti ndinu a ku Tsangano. Musakanene Smethwick."

Anita anaonera tepiyo katatu. Anaitanitsa setifiketi ya ukwati ya Favour ndi Nathan kuti deti ligwirizane, n'kuuza Norman alembe mmene ankajambulira ndi chifukwa chake kamera inkagwada. Matepi a msana aja anawatenganso. Anati tsopano popeza chibangili chili ndi nkhope ndi dzina, misana ija ikhoza kuthandizira. Helen, Sellina ndi amayi a zitenje analemba maumboni awo, ena akuchita kufunsa kaye kuti kodi dzina lenileni la Anangozo ndi ndani.

Yankho linatenga chaka ndi miyezi. Linali chilolezo cha zaka ziwiri ndi theka, chowonjezera chikatha, mpaka zitakwana zaka khumi. Unzika unali kutsogolo kwa zimenezo.

"Ndidzakalumbira ndi ndodo," Deliwe anauza Felista. "Koma tikiti ya ku Lilongwe undigulire ya Disembala, yopita ndi kubwera. Ndikaone manda, ndikanyamule adzukulu asanayambe ndevu."

Mwezi wa Okutobala, Disembala asanafike, kunali ukwati wa Success, namwino wachitsikana amene atangofika kumene anasungidwa ndi Deliwe. Unali m'hotela ku Solihull. Patebulo lachisanu ndi chiwiri panali kakhadi kolembedwa Anangozo. Lichero panalibe. Panali bokosi loyera la maenvulopu ndi kachikwangwani ka nambala ya akaunti. MC anali mnyamata wobadwira ku Walsall, wa suti yothina, amene ankaitana anthu m'Chingerezi, matebulo motsatana.

Deliwe anadikira mpaka keke itadulidwa. Kenako ananyamuka, n'kupita kukamukoka mkono wa jekete.

"Iwe, maboma uitana nthawi yanji?"

"Sorry, Auntie?"

"Maboma. Nena kuti, a ku Ntcheu, tiwaone."

Mnyamatayo anayang'ana pepala lake la pulogalamu, n'kuyang'ana Deliwe, n'kuona kuti pepalalo silimuthandiza. Anayesa mawuwo kawiri chapansipansi, kenako anawanena pa maikolofoni, opindika ngati nthochi.

Nthungululu inagwedeza matambula. Patebulo lakumbuyo Helen ndi Sellina ananyamuka mwachizolowezi, manja ali kale pa zitenje za m'chiuno.

"Khalani pansi inu," anatero Deliwe. "Mukunditchinga."

Mafoni anakwera m'mwamba holo yonse. Deliwe anaponda pansi, n'kutembenukira komwe anali ambiri.